Zilembo Zitatu

Sakina wa kwa Mponda anandipeza pamlatho
ndikukankha njinga yophwa tayala,
choko chidakali m'zikhadabo.
Anati, Aphunzitsi, inu mumadyera Chichewa,
tandiwerengereni ichi.

Foni yong'aluka galasi, yomanga ndi mphira.
Uthenga wa Twaibu, wa mwezi wa Malichi,
usiku umene basi ya ku Joni idatuluka pachipata cha Mwanza.
Uthenga wonse unali uwu: Ndi
Popanda mpumiro. Pansi pake palibe china,
ndipo malambe agwa, mwera wadutsa,
tili m'ng'anjo ya Okutobala.

Ndikanangoti sindikudziwa.
Koma zaka makumi awiri ndi zitatu pabolodi
zimaphunzitsa munthu kuyankha asanaganize.

Ndinati, kamawu aka kali ngati wakabaza,
kamanyamula aliyense amene wakwera.
Pena ndi mlumikizi: mpunga ndi usipa.
Pena ndi mperekezi: anapita ndi chikwama chimodzi.
Pena kamangoloza chinthu n'kuchitchula:
uyu ndi Shire, uwo ndi mzikiti.
Pakamwa timasiyanitsa bwinobwino,
liwu likakwera ndiye kuti alipo awiri,
likatsika tikunena chomwe chinthu chili.
Koma foni ilibe khosi.

Iye anati, Kwathu timati ni,
nakonso sikasankha katundu.
Nesi wa ku Rumphi uja amati na.
Zimenezo ndimazimva pamsika.
Ine ndikufunsa za Twaibu.

Lole ya simenti inagwedeza mlatho,
tonse awiri tinagwira chitsulo chotentha.

Ndinati, mwina mawuwo sanathe,
ndi mutu chabe wa mneni, thupi linatsalira m'chala.
Zikatero ndi ameneyu ndi munthu mwiniwake:
ndili bwino, ndikuwoloka, ndibwera pa Idi,
ndidzatumiza ya malata.
Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono
ngati akuwerenga chenji.
Ndikanalekera pomwepo.
Koma uphunzitsi ndi nthenda yosamva mankhwala,
ndinawonjeza kuti ndi yemweyo amatembenuka,
wochita n'kusanduka wochitiridwa:
ndidikire, ndipempherere, ndikhululukire.
Panali lachinayi. Ndinaliluma.
Analinena yekha, maso ali pa namasupuni
amene ankatsetsereka ndi madzi kulowera ku Malombe:
Ndiiwale.

Kenako anati, Aphunzitsi, mwasiya limodzi.
Ine ndimawawerenga usiku ana akagona.
Ndi wina.
Likakwera, Twaibu ali ndi mkazi kumeneko,
akumuphikira, akumuchapira malaya aja ndidasoka kolala.
Likatsika, amene anagwira foni si iyeyo,
ndi wina, wopisa m'thumba
la munthu wogona m'mbali mwa msewu,
anayamba kundiuza, mtima n'kumuthera.
Anapukuta galasi ndi nsonga ya mpango.
Ine ndimapempha Mulungu kuti likhale lokwera.

Buku langa la malamulo a chinenero
lili ndi masamba opitirira zana.
Ndinalifufuza lonse m'mutu, pamlatho pomwepo,
mpaka muazini anaitana kutsidya
ndipo iye anati ana sanadye.

M'mawa mwake, Sitandade 7, pansi pa malata olira ndi dzuwa,
ndinalemba pabolodi zilembo zitatu
n'kuti, Malizani.
Ndili ndi njala! anafuula Jafali, kalasi yonse gwedegwede.
Ena ndimakonda mpira, ena ndidzakhala dokotala,
wina ndimu, ndipo ndinamuchongera
poti nayenso sananame.

Makope makumi asanu ndi atatu ndi anayi.
La Amidu linali pafupi ndi pansi,
lachikuto cha pepala la shuga,
dzina la bambo ake lolembedwa mosamala kutsogolo.
Anakopera zilembo zitatu zija bwino lomwe,
N wamkulu, monga ndidawaphunzitsa,
n'kusiya mzere wonse woyera
ndi winanso pansi pake.

Cholembera chofiira chinauma m'dzanja langa.
Panja wakabaza ankaliza belu,
akufunsa ngati alipo wopita kudepoti.